Tisadikire Zotsatira za Folomu 4
(Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wathu wa pachaka)

A Wapampando, a Mphunzitsi Wamkulu, anzanga amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba pasukulu pano, amayi ndi abambo.

Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za kuthandiza ana athu kusankha maphunziro ndi ntchito. Ine ndikuti timachedwa. Timadikira zotsatira za MSCE, ndiye n'kumufunsa mwana kuti, "Kodi ufuna kudzagwira ntchito yanji?" Chikhalirecho nkhaniyo inagamulidwa kale pamene ankalowa Folomu 3. Mwana amene anasiya Physics ndi Chemistry poopa masamu, kapena pongotsatira mnzake, anadzitsekera yekha khomo la udokotala ndi uinjiniya, popanda wamkulu womuchenjeza.

Komanso zimene ife tinkadziwa zinasintha. Masiku athu tinkangoti Chancellor, Poly, Bunda. Bunda inaima payokha mu 2012 n'kukhala LUANAR. MUST ya ku Thyolo inatsegulidwa mu 2014. Mu 2021 Poly inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Ofuna malo ku mayunivesite a boma amafunsira kudzera ku NCHE, ndipo pamafunika makirediti 6, limodzi likhale la Chingerezi. Apa mpamene ana athu ambiri amagwera. Mwana wa mapointi abwino ndithu amalemba zamalamulo ndi zaudokotala zokhazokha, zimene aliyense akulimbirana, n'kutsala. Akanakhala ndi womuunikira podzaza fomu ija, bwenzi atapeza malo pena.

Tisaiwalenso kuti njira si yunivesite yokha. TEVETA ilipo kuchokera mu 1999, Nasawa Technical College ili pafupi pompa ku Zomba, ndipo ku Liwonde kuli Machinga TTC. Waluso lowotcherera zitsulo sagona ndi njala, ngakhale enafe timachita manyazi kunena kuti mwana wathu ndi mmisiri.

Koma mwana angafune bwanji ntchito imene sanaionepo? Wa ku Ntaja kapena ku Phalula amadziwa mphunzitsi, namwino ndi wapolisi, basi. Pamene ku Liwonde National Park, imene African Parks inayamba kuyendetsa mu 2015, kumafunika odziwa za nyama ndi zokopa alendo. Pa Nkaya pamakumana njanji. Ku Kangankunde kuli miyala yamtengo wapatali yofuna akatswiri a za migodi. Thonje la ku Balaka ndi mpunga wa kudambo la Chilwa zikufuna alangizi. Ntchito zimenezi azidzagwira ochokera kutali ana athu akungoonerera?

Pempho langa nali. Teremu iliyonse awiri mwa ife abwere kudzacheza ndi a Folomu 2, asanasankhe maphunziro. Amayi mukhale patsogolo, kuti atsikana aone ndi maso kuti nzotheka. Amene muli pantchito, tengani ana awiri kapena atatu patchuthi akaone tsiku lanu momwe limayendera, zowawa zake zomwe.

A Mlembi ali ndi pepala pakhomopo. Lembani dzina, ntchito yanu ndi teremu imene mungabwere.