BWALO LA MASEWERA LA ANA ONSE

Nkhani ya lero ndi ya bwalo la masewera, ndi m'mene sukulu ya kumudzi ingapezere cuma ca kulikonzera kuti mwana wolemala alowemo pamodzi ndi anzace.

Belu la kupumula likalira ana athamangira kubwalo, koma alipo ena otsala pakhonde. Wina ayenda ndi ndodo, wina akhala pa njinga ya olemala, wina saona. Ana otere aphunzira masamu pamodzi ndi anzao, koma pa masewera angoonerera. Kawirikawiri cowaletsa ndico citsa, dzenje, mcenga wozama ndi masitepe, ndipo zonsezi manja a anthu akhoza kuzicotsa. Mwana wosasewera sapeza bwenzi. Asungulumwa, ayamba kujomba, ndipo potsiriza aleka sukulu.

Kuphunzitsa ana olemala si cinthu cacilendo m'dziko lino. Pa Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed Church anayamba kuphunzitsa ana akhungu m'caka ca 1905. Mu 2010 Zambia inabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala, ndipo ndime 30 ya panganolo inena kuti ana olemala akhale ndi mwai wofanana ndi wa anzao pa masewera, ndi a pasukulu omwe. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo la anthu olemala. Cotero mphunzitsi wopemphera ana awa bwalo angopempha cimene ciri cao kale.

Asanachule za ndalama, mphunzitsi ayambe wayendera bwalo pamodzi ndi anawo ndi makolo ao, nalemba pali ponse pamene mwana alephera kudutsa. Zofunika zace ndi izi. Njira yocokera kukalasi ikhale ya mita imodzi ndi theka m'lifupi mwace, ya dothi lofiira lotsindira bwino, pakuti mumcenga mawilo atitimira. Pamene pali sitepe pamangidwe citunda cotsetsereka pang'ono: sitepe ya masentimita 30 ifuna citunda ca masentimita 360, ndipo cikafupika mwana agwa cagada. Katungwe akhale ndi cotsamira ndi lamba. Nsolo ikumbidwe pa thebulo la njerwa kuti wa panjinga afikire. Mumpira mumangidwe kacitini ka timiyala kuti wosaona autsate ndi khutu, ndipo woimba wezulo akwezenso mbendera cifukwa ca wosamva.

Mndandanda uwu uonetsa kuti mbali yaikulu ya mtengo wa bwalo ndi nchito ya manja. Mphunzitsi wamkulu akambe ndi mafumu a midzi kuti anthu aumbe njerwa, atute miyala ndi kuzula zitsa m'cilimwe, mvula ya Novembala isanagwe. Ndalama zifunika pa simenti, zitsulo, zingwe ndi malipiro a mmisiri basi.

Ndalamazo zicokere kuti? Kuyambira mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu pamodzi ndi msonkho wa PTA. Cifukwa cace copereka ciri conse cikhale caufulu, ndipo mwana asabwezedwe kunyumba cifukwa kholo lace silinapereke. Nthawi yabwino yopempha ndiyo yokolola, pamene banja likhoza kupereka mbale ya cimanga kapena ya nshawa osamva kuwawa. Zokolola izi zisonkhanitsidwe ndi kugulitsidwa pamodzi. Ndiwo za m'dimba la sukulu, tsiku la mpira ndi kwaya zionjezerapo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Palinso thumba la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo ca phungu ali yense. Pempho lace lipita kudzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi, ndipo limveka bwino koposa pamene njerwa zaochedwa kale ndi mtengo wa zotsala walembedwa.

Nchito zambiri zabwino zafa cifukwa ca kukaikirana pa ndalama. Mphunzitsi asasunge thumba yekha. Makolo asankhe msungicuma, wopereka ali yense alandire lisiti, ndipo ndalama zisaturuke popanda anthu awiri kusaina. Mwezi ndi mwezi zolowa ndi zoturuka ziwerengedwe pamsonkhano, ndipo pepala lace likhomedwe pakhomo la ofesi. M'komitiyo mukhale kholo la mwana wolemala, pakuti ndilo lidziwa bwino cimene cisowa.

Cotsiriza, ndico cacikulu pa zonse, ndi ulemu wa mwana. Asaimikidwe pamaso pa khamu kuti anthu aone miyendo yace namva cisoni, ndipo cithunzi cace cisatumizidwe pa foni makolo osalola. Ndalama zopezeka mwa njira iyi zimanga katungwe, koma mwini wace acita manyazi kukwerapo. Pa tsiku losonkha iye aimbe m'kwaya, agulitse matikiti, achinge pagolo monga anzace.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pobwerera ku sukulu zanu, yambani ndi kuyendera bwalo sabata lomwe lino, ndipo pa msonkhano ulinkudza ali yense adze ndi mndandanda wace.