Zimene damu la Lifupa latiphunzitsa pa damu lathu: mawu a mlembi wa kalabu pa msonkhano wa Loweruka

Ndapemphedwa kuti ndifotokoze za ulendo wathu wa ku Kasungu, makamaka kwa inu amene simunapite nawo. Ndifotokoza ndithu, koma kumapeto ndili ndi pempho, ndiye musathawe.

Tinakwera pa Mponela, n'kutsata msewu wa M1 mpaka Kasungu, kenako tinakhotera chakumadzulo kulowa ku malo osungirako nyama zakutchire. Malowa anakhala paki mu 1970, ndipo kukula kwake ndi achiwiri m'dziko muno, oyamba ndi Nyika. Mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. M'kati mwa pakiyi muli damu la Lifupa, ndipo m'mphepete mwake muli malo ogona alendo. Mvuu tinaziona zikutulutsa mphuno m'madzi, mbalame zosawerengeka, ndipo chakumadzulo nyama zimabwera kudzamwa. Anthu amachoka kutali, ena kunja kwa dziko lino, kulipira ndalama kuti angokhala pansi n'kumayang'ana madzi amenewo.

Anzanga anali kalikiliki ndi mafoni kujambula mvuu. Ine maso anga anali pa madzi, ndikuganiza za kwathu. Damulo si nyanja yachilengedwe ayi. Anthu anatseka mtsinje, madzi n'kuima. N'chimodzimodzi ndi kadamu kathu kakumusi kwa phiri, kamene timathirira madimba, kumwetsako ng'ombe ndi kuchapako. Kusiyana n'kwakuti la Lifupa lazunguliridwa ndi tchire, pamene lathu lazunguliridwa ndi minda yofika mpaka m'madzi.

Tiyeni tikumbutsane mmene damu la dothi limagwirira ntchito. Khoma lake amamanga pothira dothi pang'onopang'ono, kulinyowetsa n'kulitsendera mpaka litalimba, ndipo pakati amaikapo dongo kuti madzi asadutse. Pambali amasiya ngalande yotayira madzi damu likadzaza. Ngalande imeneyo ndiye moyo wa damu. Ikatsekeka ndi zinyalala kapena wina akalimamo, madzi amakwera pamwamba pa khoma, amayamba kukokolola kuseri kwake, ndipo usiku umodzi wa mvula yamphamvu ndi wokwanira kuligumula. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mukawatsekera njira amadzipezera yawo.

Tsopano kayendereni khoma lathu mawa m'mawa, mukaona zinthu zitatu. Choyamba, pamera mitengo. Mtengo ndi wabwino kulikonse koma osati pakhoma la damu, chifukwa mizu ikawola imasiya mabowo odutsamo madzi. Pakhoma pamafunika kapinga basi. Chachiwiri, pali chulu ndi mauna a mbewa. Chiswe chimafukula m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Chachitatu, kuseri kwa khoma kuli malo onyowa ngakhale mu Okutobala. Madzi otuluka pang'ono ali oyera si oopsa kwenikweni, koma akayamba kutuluka a matope, dziwani kuti akutenga dothi la khomalo. Zikatero si zoti tikumbe tokha, n'zokauza alangizi ndi a ku khonsolo msanga.

Vuto lina ndi matope. Amene tinakulira kuno tikukumbukira kuti pakati pa damu pankamira munthu wamkulu. Lero ana amawoloka madzi akulekeza m'mawondo. Matopewo achokera kuti? M'minda yathu yomwe. Kuno ku Dowa ndi Ntchisi timalima m'mapiri, mitengo tinamaliza ndi makala, zigafa ndi uvuni wa njerwa, ndiye mvula ikagwa dothi limatsetsereka ndi fetereza yemwe, amene makolo athu agula movutikira. Yerekezani ndi nkhalango ya Ntchisi. Timitsinje totuluka m'menemo madzi ake ndi oyera chifukwa masamba ndi mizu zimagwira nthaka. Ndipo dothi lochoka m'mapiri athu silithera pano. Lina limakalowa mu Bua, mtsinje umene umadutsa m'malo osungirako nyama a Nkhotakota, kumene nsomba za mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kudzaswana.

Wina andifunsa kuti, "Nanga ife tilibe njovu, mlendo angadzaone chiyani?" Zoona, mvuu tilibe, ndipo sitikuzifuna pafupi ndi madimba athu. Koma damu losamalidwa, lokhala ndi mthunzi chapatali ndi khoma, limaitana mbalame, limasunga nsomba, ndipo sukulu zingamabwere kudzaphunzira. Chachikulu, tomato ndi mpiru wa m'chilimwe ndi zimene zimalipira fizi ya ambiri tili muno. Damu likaphwa mu Seputembala, ena mwa ife sukulu yathera pomwepo.

Chenjezo kwa azing'ono athu: damu si bafa. Pansi pali matope ogwira miyendo, ndipo madzi oima amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Mukaona magazi pokodza pitani kuchipatala, mankhwala alipo. Musachite manyazi.

Pempho langa ndi ili. Mvula yatsala pang'ono. Loweruka likubwerali tikumane pa damu 6 koloko m'mawa. Bwerani ndi makasu, zikwanje, mafosholo, ndi wilibala amene ali nayo. Gulu loyamba lilambula ngalande yotayira madzi. Lachiwiri lidula timitengo tating'ono ta pakhoma, koma ikuluikulu tiisiye kaye mpaka alangizi aione. Lachitatu liyika zikhomo m'mizere yopingasa kumtunda, kuti mvula ikangoyamba tidzabzale vetiva. A mfumu, ife ana anu tikupempha kuti mutithandize kulankhula ndi eni minda ya m'mphepete, asiyeko kamalo kosalima pakati pa munda ndi madzi. Ifeyo sangatimvere, koma inu akumverani.

Amene simubwera, muuze msungichuma lero, tidziwe kuchuluka kwa ufa wa nsima.