Dziko pa Ufulu, Munthu pa Goli



Gogo Chalo, mafumu onse muli pano, abusa ndi mashehe, a mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi nonse, makolo anzanga, ndi inu ana asukulu amene mwatiitana, landirani ulemu wanga.

Lero pa 15 Januwale tikukumbukira Mbusa John Chilembwe. Za ku Mbombwe ndi ku Magomero taziona m'sewero la ana athuwa, ndipo ine sindingazifotokoze kuposa mmene achitira iwo. Mundilole ndikuwolotseni nyanja, tipite ku America, kumene Chilembwe anapita ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, nakaphunzira ubusa mumzinda wa Lynchburg, m'chigawo cha Virginia.

Ku Virginia ndi kwawo kwa Thomas Jefferson, mlembi wa chikalata cha pa 4 Julaye 1776 cholengeza kuti America yadzichotsa m'manja mwa Britain. Chikalatacho chimanena kuti anthu onse analengedwa ofanana, ndi kuti moyo ndi ufulu n'zopatsa Mlengi, palibe mfumu ingalande. Mawu okoma ndithu. Koma mkuluyu m'moyo wake anasunga akapolo oposa 600. Anamwalira pa 4 Julaye 1826, tsiku limene dziko lake linkasangalala kuti lakwanitsa zaka 50 likudzilamulira. Chaka chotsatira, anthu pafupifupi 130 a pamunda pake pa Monticello anagulitsidwa pa okushoni kuti ngongole zake zibwezedwe, mayi kwina, mwana kwina.

Pali ophunzira ena amene amati tisawaweruze, inali nthawi yawo, sankadziwa. Ine ndimakana. Ankadziwa bwino lomwe. Polemba chikalata chija koyamba, Jefferson mwini wake anaikamo ndime yodzudzula malonda a akapolo, mlandu nauponyera kwa Mfumu George III ya ku Britain. Nthumwi za ku South Carolina ndi Georgia zinakana, ndimeyo inafufutidwa. Munthu sufufuta chinthu chimene sukuchiona. Atsogoleri a dzikolo atakumananso ku Philadelphia mu 1787 kuti alembe malamulo oyendetsera dziko, anachita manyazi kutchula kapolo, koma ukapolowo anaumangira mpanda. Anagwirizana kuti pogawa mipando ya kunyumba ya malamulo, akapolo 5 aziwerengedwa ngati anthu 3. Kapoloyo savota, koma mutu wake ukuwonjezera mphamvu kwa mbuye wake. Anagwirizananso kuti wothawa azibwezedwa kwa mwini wake, ndi kuti zombo zobweretsa anthu kuchokera ku Africa zisaletsedwe chisanafike chaka cha 1808.

Chinawamanga manja ndi chuma basi: fodya, mpunga, kenako thonje. Pa kalembera woyamba wa 1790 akapolo analipo pafupifupi 700,000. Pofika 1860 anali atayandikira 4 miliyoni. Dziko la ufulu likukula, goli nalonso likukula.

Nanga akapolowo ankaiona bwanji nkhondo ya America yodzichotsa m'manja mwa Britain? Mu 1775 bwanamkubwa wa Britain ku Virginia, Lord Dunmore, analonjeza kumasula kapolo aliyense wothawa kwa oukira n'kudzamenya nkhondo kumbali ya mfumu. Sichinali chifundo, zinali ndale za nkhondo, koma anthu anathawa. Mmodzi mwa iwo ndi Harry Washington, kapolo wa George Washington mwini, mkulu wa asilikali omenyera ufulu amene anadzakhala pulezidenti woyamba. Harry anakafika ku Nova Scotia, kenako ku Sierra Leone. Tangoganizani, ana anga: kuti munthu apeze ufulu wake, anathawa kwa tate wa ufulu wa dziko. Mu 1852 Frederick Douglass, amene nayenso anathawa ukapolo, anaima ku Rochester nafunsa azungu kuti chisangalalo chawo cha 4 Julaye chili ndi tanthauzo lanji kwa kapolo. Yankho linabwera ndi mfuti. Nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inapha anthu oposa 600,000, ndipo m'pamene ukapolo unathetsedwa m'malamulo awo.

Chilembwe anafika patangopita zaka 32. Anapemphera ndi anthu amene anabadwira muukapolo, anawaona akulandidwa mwayi wovota ndi kusalidwa paliponse. Atabwerera kuno mu 1900 maso ake anali atatseguka kale. Tinene zoona, azungu anathetsadi malonda a anthu a kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi a Mlozi ku Karonga, ndipo tisabise kuti mafumu ena a kuno ankagulitsa nawo anthu. Koma omasula omwewo ndiwo anakhwimitsa thangata. Esiteti ya Magomero, kumene anthu ankalima popanda malipiro kuti asathamangitsidwe pamalo, inali ya banja la Bruce, mkamwini wa David Livingstone, Livingstone yemwe uja wodana ndi ukapolo.

Ife tinakweza mbendera yathu pa 6 Julaye 1964. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko lathu limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Tili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo inaletsa utenanti wa m'minda ya fodya. Papepala tili bwino, monga analili Jefferson. Koma alipo matenanti amene amagwira chaka chonse n'kuuzidwa kuti ufa ndi mchere zimene anadya zaposa fodya wawo. Alipo atsikana athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito, n'kukalandidwa mapasipoti atangotsika ndege. Ndipo m'nyumba zathu zomwe, ife ovala mataye, muli kamwana kochokera kumudzi kamene kamadzuka mbandakucha, kusukulu sikapita, malipiro n'zovala zakutha.

Mafumu anga, galimoto ikabwera m'mudzi kudzatenga anthu opita kuesiteti, funsani mgwirizano wolembedwa asanakwere. Makolo, musapereke mwana kwa munthu amene simungathe kumulondola kwawo. Inu ana asukulu, mnzanu akasowa m'kalasi, auzeni aphunzitsi sabata yomweyo, nkhaniyo ifike kupolisi kapena ku ofesi ya zantchito kuboma. Amene tili ndi wantchito pakhomo, mwezi uno ukatha timulipire malinga ndi lamulo.