TSIKU LIMODZI PA MSEWU WA KU ZION
Mawu omwe adalankhulidwa pa msonkhano wathu wa pachaka



Mwandipempha kuti ndifotokoze za ulendo wanga wa ku America. Ndingotapapo tsiku limodzi m'chaka cha 2018, pomwe ndidayendetsa galimoto m'malo otetezedwa a Zion National Park, m'chipululu cha ku Utah.

Mukachoka m'tauni ya Springdale, msewu wa nambala 9 umakwera phiri mokhotakhota. Amene mudadutsako pa Golomoti mukundimva. Kungoti kumeneko galimoto zimayenda kumanja, pomwe manja anga ankakokerabe kumanzere. Mayi a kunyumba ankasirira matanthwe ofiira, ine maso ali pa phula.

Pamwamba pake msewu umalowa m'phanga loboola anthu, lotalika makilomita 1.8, lomwe adalitsegula mu 1930. Mulibe nyale. Adangoboola mazenera m'mbali mwa thanthwe, ndipo kuima m'katimo n'koletsedwa.

Aphunzitsi athu a jogalafe, mundikhululukire. Pomwe munkaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka ine ndinkasinza. Kumeneko ndidakadzionera ndekha: matanthwe aja adali milu ya mchenga kalekale, ndipo chidakumba chigwa chachikulucho ndi mtsinje wa Virgin, wongooneka ngati kamtsinje wamba.

Titatuluka m'phangamo ndidaima pambali, ndikufuna kuti tilowe pansi m'kampata kena kopapatiza pakati pa matanthwe. Dzuwa lidali phwee, kupatula mtambo umodzi wakuda chapatali. Mayi adakana. Adandikumbutsa zomwe mlonda wa malowo adatiuza m'mawa, kuti thanthwe silimwa madzi. Mvula ikagwa kutali, madzi onse amathamangira m'timipata totere, ndipo amakupeza iwe usadaone ndi dontho lomwe. Mu September 2015 anthu 7 adafa motero mu Keyhole Canyon, pafupi ndi msewu womwewo.

Ndidatsutsa ndithu, poti ndalama zolowera tidali titalipira kale. Iwo adangotenga makiyi n'kukakhala m'galimoto. Ndidang'ung'udza mpaka pa Checkerboard Mesa, phiri lokhala ndi mizere ngati bolodi la dirafuti, pomwe tidayamba kumva mabingu kumbuyo kwathu.

A Wapampando, nthawi yanga yatha.