Mchenga wa pa zithunzi zathu ukuchokera kuti?

Anzanga, ambiri mwadandaula chinthu chimodzi: chithunzi chikuoneka bwino pafoni, koma mukachikonza n'kuchitumiza chikutuluka ngati wina wachiwaza mchenga. Ena mwatayapo kale ndalama kukasindikiza ku Limbe, n'kubwerako ndi pepala loti simungaonetse munthu. Foniyo musainyoze kaye, tiyeni tifufuze pomwe mchengawo wayambira.

Tsegulani chithunzi choyambirira, chija chosakonza, muchikulitse pamalo amdima, monga pansi pa dengu la mayi wothyola tiyi. Ngati timadontho tilipo kale, vuto ndi kuwala. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, tonse timalawirira ku minda ya Satemwa kapena Makandi poti nkhungu imakongoletsa mizere ya tiyi. N'zoona, imakongola. Koma kuwala kukachepa foni imakweza yokha ISO, ndipo ISO ikakwera mchenga umabwera nayo. Dikirani kuti kuyere pang'ono. Ngati foni yanu ili ndi Pro mode, ikani ISO pa 100 kapena 200, foniyo muitsamize pa chitsa kuti isagwedere. Zoom ya zala ija isiyeni, yendani mufike pafupi, ndipo amayiwo muwapemphe kaye, ali pa ntchito.

Nanga ngati choyambiriracho chili bwinobwino? Ndiye kuti mchenga wakula pokonza. Mu Snapseed mukakoka Shadows mpaka kumapeto, mukuwalitsa malo omwe timadontho tinabisala. Mukawonjezanso Structure ndi Sharpening, pulogalamuyo siisiyanitsa tsamba la tiyi ndi kadontho, imanola zonse. Kokani pang'ono, kulitsani chithunzi, onani, kenako pitirizani.

Potulutsa, lowani mu Settings musankhe JPG 100%. JPEG imataya kenakake nthawi iliyonse mukaisunganso, ndiye musamakonze chithunzi chokonzedwa kale, bwererani ku choyambirira. Za screenshot tisakambe n'komwe.

Pomwe ambiri tikugwera ndi pa WhatsApp. Imafinya chithunzi kuti chichepe, ndipo munda wa tiyi, ndi timasamba take tambirimbiri, umaphwanyika msanga kuposa nkhope ya munthu. Batani la HD lomwe linabwera mu 2023 limathandizako, komabe limafinya. Chithunzi chopita kosindikiza chitumizeni ngati Document. Bandulo idyeka, inde, koma sankhani ziwiri zabwino m'malo motumiza makumi awiri.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi chithunzi chimodzi, choyambirira ndi chokonza, tidzaziyerekeze limodzi.