Malume anga anawoloka malire chifukwa cha bawo

Lero pa kalabu yathu ya omvera wailesi kuno ku Mandimba sindikamba za fodya kapena feteleza ayi. Ndabwera ndi nkhani ya malume anga ndi anzawo atatu, onse opitirira zaka 50.

Mukudziwa m'mene zimakhalira tikagulitsa fodya. Kumunda kulibe ntchito, m'thumba muli ndalama, abambo ambiri amakathera ku kachasu. Malume anga analowerera zedi akazi awo atamwalira. Anagulitsa mbuzi ziwiri, kenaka njinga. Pakhomo tinkaopa kuti dzinja saliona.

Tsiku lina tinamva pa wailesi za agogo aakazi a ku Nkowankowa, ku Joni, otchedwa Vakhegula Vakhegula. Anawasonkhanitsa ndi Beka Ntsanwisi, mayi woulutsa mawu pa wailesi, ndipo mu 2010 anakamenya mpira ku America. Mnzawo wa malume anaseka nati: "Achimwene, mpira mawondo athuwa anakana. Nanga bawo?"

Anasema thabwa la mlombwa, mizere inayi, maenje 32, natola timiyala 64. Malume sankadziwa n'kutakata komwe. Anyamata ankawaseka kuti awa ndi masewera a nkhalamba. Komatu bawo ndi mowa siziyendera limodzi. Woledzera sawerenga maenje, amadyedwa mwana akuona. Malume manyazi anawagwira, anayamba kubwera ali bwinobwino.

Kenaka amalonda a ku Chiponde amene amabwera kumsika kuno anawaputa. Anayiwo analawirira m'mamawa, kukwezana pa njinga ziwiri, nawolokera ku Malawi. Anaswera pansi pa mtengo wa mango, anthu atawazungulira. Ndisaname, anagonja. Malume anapambana kamodzi kokha basi. Koma m'mene ankafotokozera atabwerako, mukanati abwera ndi chikho!

Sindikunena kuti botolo analiiwaliratu. Koma chaka chino munda alima okha, njinga agula ina, ndipo mukawafuna madzulo mukawapeza pa bawo.

Pempho langa ndi ili. Tisonkherane pang'onopang'ono, kalabu yathu ikhale ndi thabwa lake pamene timamvera wailesipa. Aliyense aitane mkulu mmodzi amene akungokhala yekha pakhomo. A ku Chiponde aja anati adzabweza ulendo tikakolola. Asadzatipeze tili anayi okha.