Zimene ndaona pa tebulo la ngozi za galimoto



Atandipempha kuti ndiyankhule pa chikondwerero chathuchi, ndinayamba ndakana, poti ine sindinagonepo pamzere pa Beitbridge ndi chikwama cha katundu ngati ambiri mwa inu. Amayi wapampando anangoti, "Mukanene za ntchito yanu." Ntchito yanga kwa zaka 21 yakhala yolandira anthu amene galimoto zawo zachita ngozi, kuona mapepala awo, n'kugamula ngati kampani ya inshuwalansi iyenera kulipira kapena ayi.

Ndinalowa ngati kalaliki wotsegula mafayilo ku Blantyre. Masiku amenewo kukayendera galimoto zophwanyika ankati ndi ntchito ya amuna. Ndinkapempha kuti azinditenga popita ku magalaja a ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo ndikafika amakaniko ankandipatsa mpando n'kumafunsa kuti abwana afika nthawi yanji. Sindinakwiye. Ndinkangofunsa mafunso mpaka ndinadziwa mtengo wa chitseko, nyali ndi galasi, komanso kusiyanitsa bala la dzulo ndi la chaka chatha, chifukwa dzimbiri silinama. Usiku ndinkawerengera mayeso a inshuwalansi mwana ali kumsana. Lero ndine amene ndimasayina mafayilo aja.

Pali fayilo imodzi imene sindiiwala. Mayi wina wogulitsa kaunjika anagula galimoto ndi ngongole ya ku gulu ngati lathuli. Pochokera ku Mwanza, dalaivala wake ananyamula anthu a matola, galimoto n'kugubuduzika. Pepala lake la inshuwalansi linkanena kuti galimotoyo ndi yoyendera banja, osati yonyamula anthu olipira. Mabelo amene anali m'menemo sanali pa inshuwalansi iliyonse. Ndinayenera kumuuza ndekha kuti galimoto yake sitimukonzera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, nanga ndalama ndinkapereka zija zinali za chiyani?" Mayiyo sananame. Palibe amene anakhala naye pansi kumufotokozera chimene ankagula. Ngongole ya ku gulu inali ikumudikirabe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri muno mwagula kapena mukufuna kugula galimoto ndi ndalama za masheya athu, choncho ndiloleni ndikufotokozereni zimene mayi uja sanauzidwe.

Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza, ya third party, si yokonzera galimoto yanu. Ndi yolipira munthu wina amene mwamuvulaza kapena kumuonongera chinthu. Ngati mukufuna kuti yanunso ikonzedwe, mufunika ya comprehensive, ndipo ngakhale pamenepo pamakhala kagawo kotchedwa excess kamene mumalipira nokha. Funsani kuti ndi zingati musanasayine.

Nenani zoona za ntchito ya galimotoyo. Ngati ndi yonyamula katundu wa malonda kapena anthu olipira, zilembedwe choncho. Mulipira zochulukirapo, koma tsiku la ngozi simudzabwezedwa pakhomo. Laisensi ya dalaivala muione ndi maso anu, ngakhale akhale mphwanu kapena mlamu wanu, muonenso ngati ikumulola kuyendetsa galimoto ya mtundu umenewo. Ndipo katundu ali ndi inshuwalansi yakeyake. Ya galimoto siikhudza mabelo, zitenje kapena makatoni a mafuta ophikira.

Muziunikanso mtengo umene munalembetsa. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo ya galimoto ndi zipangizo n'kukwera. Anthu ambiri anapitiriza kulipira inshuwalansi pa mtengo wakale. Ngati munalembetsa K10 miliyoni pa galimoto imene lero ikugulidwa K18 miliyoni, ikaphwanyikiratu kampani sidutsa pa K10 miliyoni ija.

Tsopano za m'malire, poti ndiko kuntchito kwanu. Pepala limene munagula kwanu musaliyese kuti likugwira ntchito paliponse. Pali Yellow Card ya COMESA imene imalandiridwa m'mayiko monga Malawi, Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi DRC, koma kwenikweni ndi ya third party. Galimoto yanu siikonza. Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA, n'chifukwa chake oyendetsa galimoto amagula inshuwalansi ya ku Mozambique akafika pa Zobue. Ku South Africa kuli Road Accident Fund, imene imapeza ndalama kuchokera pa msonkho wa mafuta. Imeneyo ndi ya anthu ovulala ndi mabanja a omwalira, galimoto siikonza. Musananyamuke, funsani kampani yanu ikulembereni mayiko amene pepala lanu likufika.

Ngozi ikachitika, yambani ndi ovulala. Kenako dziwitsani apolisi a dziko limene muli, chifukwa popanda lipoti lawo fayilo imavuta kuyenda. Jambulani galimoto zonse, nambala zake ndi malowo pa foni. Musalonjeze munthu ndalama pamsewu, ndipo musayambe kukonzetsa kampani isanaone galimoto. Iuzeni msanga, pakuti pepala lanu limatchula masiku oti mukhale mutanena.

Ndikudziwa zimene ena mukunong'onezana, kuti a inshuwalansi amafulumira polandira koma polipira amakoka miyendo. Nthawi zina n'zoona, ndipo ine ndachitapo manyazi ndi mafayilo ogona miyezi popanda chifukwa. Mukakanidwa, pemphani chifukwa chake cholembedwa. Mukaona kuti sizikumveka, kadandauleni kwa oyang'anira makampaniwa: Reserve Bank ku Malawi, Pensions and Insurance Authority ku Zambia, IPEC ku Zimbabwe.

Koma ndinenenso mbali inayo. Inshuwalansi siisiyana kwenikweni ndi thumba lathu la zadzidzidzi. Ambiri amaponyamo pang'onopang'ono kuti mmodzi amene wagwa m'mavuto athandizike. Msungichuma wathu akakana kupereka ndalama ya maliro kwa munthu amene sanaferedwe, palibe amene amati ndi wankhanza, chifukwa ndalamazo ndi za tonse. Inenso ndikakana bala la dzimbiri ndimakhala ndikuchita zomwezo. Chimene ndimadana nacho ndi kukana munthu woona mtima chifukwa choti sanauzidwe.

Choncho ndili ndi pempho kwa komiti. Mayi akabwereka ndalama yogulira galimoto, asanaitulutse pamsewu atibweretsere pepala la inshuwalansi tiliwerengere limodzi, monga timawerengera buku la masheya. Ine ndidzipereka kuchita zimenezi popanda malipiro, ndipo amene muli kutali mungathe kunditumizira chithunzi pa WhatsApp. Amene muli ndi ana aakazi odziwa masamu ndi oleza mtima, auzeni kuti ntchitoyi ilipo. Pa tebulo lija pakufunika amayi ambiri odziwa kuti kuseri kwa fayilo kuli ngongole ya gulu ndi fizi ya ana.

Mayi wa kaunjika uja anamaliza kubweza ngongole yake, amayi anzake atamuonjezera nthawi. Atafuna kugula galimoto yachiwiri, anabwera kwa ine ndi pepala asanasayine, ndipo tinaliwerenga mzere ndi mzere.